Mphete ya Namakoko

Mtsikanayo sankafuna juwisi. Ankafuna zinyalala.

"Achimwene, makoko a malalanjewa mumataya?"

Mnyamata wogulitsa juwisi pageti la koleji anamuyang'ana modabwa. Nayenso ankaphunzira sayansi pomwepo, koma anasiyira panjira bambo ake atamwalira.

"Mumadya makoko, achemwali?"

"Ndimafinyamo mafuta. Ndikufuna alowe m'malo mwa mankhwala oopsa otsukira zitsulo m'mafakitale."

"Ndiye kuyambira lero ndinu Namakoko!"

Mtsikanayo anaseka mpaka kutsokomola. Mnyamatayo anangomva kusekako basi.

Tsiku lililonse ankamusungira thumba la makoko, ndipo chikondi chinamera momwemo. Madzulo ena anadula kakhoko kakatali n'kukakulunga pachala cha Namakoko.

"Iwe Bwana Juwisi, ukundiyeza ngati nsapato?"

"Ndikufuna saizi ya mphete."

"Dikira uthe kaye msonkhano wa ofufuza achinyamata uja. Ndikangolankhula pamaso pawo, ndine wako mpaka kalekale."

Koma m'tsitsi mwa Namakoko munayamba kumveka kafungo kena, kotsekemera moipa. Mnyamatayo ankakadziwa kuchokera mu labu.

"Si unati mankhwala akale aja unawasiya?"

"Ndinasiya, wapamtima. Mphuno zakozo n'zansanje."

Milomo yake inayamba kutuwa. Tsiku lina dontho la magazi linagwera pakhoko limene ananyamula.

"Ndi kamfuno chabe," anatero akupukuta msangamsanga.

Kenako anasiya kubwera pageti, ati akukonzekera zokalankhula. Makoko anayamba kuchita nkhungu m'thumba.

M'mawa wa msonkhanowo uthenga unalowa: "Ndafika bwino dali, holo yadzaza! Usabwere, ndikakuona ndingaiwale zonena."

Asapite? Ndi mphete ili kale m'thumba la jekete?

Anapita ndithu, n'kukhala pampando wakumbuyo. Achinyamata ovala mabaji ankatsutsana za utsi, za mitsinje yoipitsidwa, za mapulasitiki otha kuwola. Itafika nkhani ya mafuta a malalanje, amene anaimirira anali mnzake wa Namakoko, wamagalasi.

Foni inalira m'thumba: "Ndaima kutsogolo tsopano! Undipempherere."

Kutsogolo kwake kuti?

Anthu akuomba m'manja, iye anamutsekereza wamagalasiyo pakhomo.

"Alamu! Kodi sanakuuzeni?"

"Kundiuza chiyani?"

"Kuti anthu akhulupirire mafuta athu, tinkayenera kuwayerekeza ndi mankhwala akale, ntchito imodzimodzi, kambirimbiri. Fani yokoka mpweya mu labu inafa kalekale. Tinati tidikire ikonzedwe, iye anati msonkhano sudikira. Ankadzitsekera yekha m'menemo." Anavula magalasi. "Magazi ake awonongeka. Ali m'chipatala."

Anamupeza pabedi la pakona, diripi kumkono, foni ili pachifuwa. Nkhope yatsala maso okha.

"Anaomba m'manja?" anafunsa Namakoko.

"Wandinamiza iwe."

"Ukanandiletsa."

"Eya, ndikanakuletsa! Ndinaika bambo anga m'manda, ukufuna ndikwirirenso iwe? Chifukwa cha zitsulo?"

"Si zitsulo. Anthu a m'mafakitale aja amapuma zomwezi tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amawagoneka pabedi loyera." Anapumira kaye. "Ndiye anaomba kapena ayi?"

"Anaomba. Ena anachita kuimirira."

"Basi msonkhano watha. Wabwera nayo?"

"Adokotala akuti chiyani?"

Namakoko anayang'ana kukhoma, n'kutambasula dzanja.

Mnyamatayo anatulutsa mphete ija, saizi yeniyeni ya kakhoko kaja. Inalowa mosavuta. Namakoko atatsitsa dzanja, inapulumuka, inagwa pansi n'kugubuduzika kulowa kunsi kwa bedi.

"Ukadule khoko lina, Bwana Juwisi," ananong'ona akumwetulira. "Udzandiyezenso mawa."

Mnyamatayo anagwada. Mpheteyo anaiona pomwepo, pafupi ndi mwendo wa bedi. Koma anakhalabe pansipo, nkhope ili kunsi, akunamizira kufunafuna.