Tsamba Lopanda Khomo

Chimene chinamusowetsa tulo mayi wina telala chinali geti la mpanda. Madzulo analimanga yekha ndi waya, koma m'mawa analipeza lili yasa, wayayo atakulungidwa bwinobwino ndi kuikidwa pamwamba pa chipupa. Pabwalo panalibe chosowa. Nanga mbava imakhala ndi nthawi yokulunga waya?

M'nyumbamo ankakhala atatu, iyeyo, mwana wake woyamwa, ndi mng'ono wake amene anafika diso litatupa, atathawa ku banja. Mng'onoyo sankatuluka. Ankasoka m'chipinda chakumbuyo katani atatseka, ndipo tsiku lomwe anafika anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Achemwali, dzina langa lisamveke kulikonse. Munthu uja amanunkhiza ngati galu."

"Usadandaule iwe, kuno ndi kwanga."

Usiku wotsatira zageti zija, telalayo akuyamwitsa mumdima, anamva miyala ya kuseri kwa nyumba ikulira pansi pa nsapato. Woyendayo sankafulumira. Ankaponda, n'kudikira, n'kupondanso, mpaka anaima pawindo la chipinda chakumbuyo. Galu wa aneba, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete. Kenako kunamveka mluzu wapansipansi, wotulukira m'mano.

Mng'ono wake anatulukira pakhomo la chipinda, manja ali pakamwa.

"Mwamva?"

"Ndi mphepo."

"Mphepo siimba mluzu, achemwali. Amaimba choncho akafuna kuti ndimuvule nsapato."

Anaunika ndi tochi pawindo koma kunalibe munthu. Kutacha, mphekesera zinayamba kuyenda mumsewumo. Mayi a nyumba yoyandikana anati anaona bambo ataima pansi pa pholo la magetsi, nkhope ikuwala ndi foni. Wogulitsa makala anati ayi, ndi mlonda wina amene anazungulira mutu. Msuweni wawo, ataimbiridwa foni, analumbira kuti mwamuna wa mng'onoyo ali kutali ndipo sanajombepo ku ntchito.

Telalayo ankangogwedeza mutu, koma mumtima munali chinthu chomudya. Mwezi wathawo kasitomala wina anafuna kuona diresi yaukwati ili pathupi pa munthu. Iye anauza mng'ono wake kuti aivale, ati pofuna kuona mpendero, n'kumujambula mwakabisira. Chithunzicho anachiika pa webusaiti ya bizinesi yake, pa tsamba latsopano limene sanalilumikize ndi tsamba lina lililonse, ndipo adiresi ya tsambalo anatumizira kasitomala yekhayo. Pansi pake analemba dzina la wosoka diresiyo, yemwe anali mng'ono wakeyo, poti kasitomalayo anafunsa. Ankaganiza kuti chipinda chopanda khomo palibe angalowemo.

Masana anabereka mwana n'kupita kwa mayi wa makompyuta amene anamukonzera webusaitiyo. Sanafotokoze zambiri. Anangomupempha kuti alembe dzina la mng'ono wake m'makina ofufuzira zinthu pa intaneti.

Diresi ija inatuluka yoyambirira. Mng'ono wake anali akumwetulira cham'mbali, ndipo pansi pa tsambalo panali adiresi ya nyumba, monga zinalili pa masamba onse.

"Mwaona ntchito yanga, atelala? Pamwamba penipeni!" anaseka mayiyo. Atayang'ana nkhope ya mnzakeyo, anasiya kuseka. "Kwagwanji?"

"Tsamba limeneli ndinalibisa. Lilibe khomo."

"Khomo lilibe, koma pa mapu lilipo." Mayiyo anatsegula kafayilo kodzaza timizere. "Aka timati saitimapu, mapu a webusaiti. Mukangotsegula tsamba latsopano, kamalilemba kokha, ndipo makina ofufuzira aja amabwera kudzawerenga kuti adziwe zipinda zonse za nyumba yanu. Si munandiuza nokha kuti muzituluka msanga anthu akamasaka telala?"

"Fufutani."

"Ndafufuta, tsamba ndi mzere wake womwe. Makinawo ndawapemphanso kuti aiwale, koma amaiwala mochedwa." Mayiyo anatsitsa mawu. "Ndipo amene anaona kale, amwali, anaona."

Pobwerera, mwana kumsana ankalemera ngati thumba la simenti. Anapeza mng'ono wake atamuikira madzi osamba, atachapanso matewera.

"Mwatopa achemwali, khalani pansi. Ine ndakuvutitsani kokwana."

Telalayo anatsegula pakamwa kuti aulule, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Lero ugone kwanga ndi mwana. Ine ndigona kumbuyo."

Anagona pabedi la mng'ono wake osavula, sizasi yaikulu ili m'manja. Magetsi anali atazima dera lonse, ndipo mdima wake unali woti ngakhale dzanja lako sungalione. Anamva mpopi ukudontha kubafa, makoswe akuthamanga kudenga, mwana akuyamwa chala kuchipinda china. Kenako zonsezo zinakhala ngati zagwira mpweya. Miyala ija inayamba kulira, pang'onopang'ono, mpaka pawindo. Mluzu sunamveke. M'malo mwake china chake chinakhudza galasi, ngati chipumi cha munthu amene watsamira kuti apume.

"Alamu," anatero mawu aulemu, ofatsa, ngati a munthu wopereka moni pamaliro. "Zikomo kwambiri chifukwa cha chithunzi chija. Yamukhala bwino."

Sanadziwe kuti anakhala nthawi yaitali bwanji asanakoke katani. Kunja kunali chipupa chokha, mabotolo osweka ali pamwamba pake. Chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti mumdima wotero, katani ali chitsekere, mwini mawuwo anadziwa kuti wagona pabedipo ndi ndani.

Kutangoyera anadzutsa mng'ono wake. Anamuveka jekete ndi mpango za iye mwini, anamupatsa dengu limene amapita nalo kumsika, n'kupempha mayi a nyumba yoyandikana kuti ayende naye mpaka akwere basi yopita kwa azakhali awo. Ali pageti, mng'onoyo anatembenuka, misozi ili lengelenge.

"Koma anadziwa bwanji, achemwali? Ine sindinatulukepo."

"Pita, basi ikusiya."

Telalayo anabwerera m'nyumba, anagoneka mwana pamphasa, n'kumanga kumutu duku la mng'ono wake. Anakhala pa makina osokera a m'chipinda chakumbuyo, msana kuwindo, natsegula katani pang'ono kuti woyang'ana aone. Kenako anayamba kupalasa, singano ikubaya popanda nsalu, kuti mumsewu monse mumveke kuti wosoka uja adakalimo.