Kazenera ka Pamwamba pa Bedi

Nkhani iyi si yam'maluwa ayi. Wokayika akafunse Mayi Ortega, ogulitsa gasi pamalo oimikapo magalimoto ogonamo kufupi ndi tauni ya m'chipululu ya Quartzsite, chifukwa analipo, masanasana.

A Delbert Haskins atapuma pantchito yoyendetsa basi, anagulitsa nyumba yawo ku Ohio n'kugula galimoto yogonamo yakale, n'kusamukira pamalo amenewa. Akazi awo, a Lorene, amavutika ndi mphumu, ndipo dokotala anati mpweya wouma wa m'chipululu uwathandiza. Wogulitsa galimotoyo anangoti mwini wake anamwalira, osanena kuti anafera kuti.

Padenga panali timazenera titatu totulutsa mpweya, koma tikatsegulidwa mvula inkalowa. Tsono a Delbert anagula zivundikiro zapulasitiki zoti timazenerato tizitseguka kunsi kwake. Tsiku loziika kumwamba kunada, mphepo ikumwaza mchenga. A Lorene anakiya chitseko poti chinkangomenyetseka, n'kugwira makwerero amuna awo akukwera padenga.

"Nkhalamba inu, mukagwa ine sinditola," anatero.

"Ingogwirani makwerero, mayi. Pakamwapo papumeko."

Ziwiri zoyamba sizinavute. Anaboola, kumanga tizitsulo togwirira, kukhwimitsa mabawuti. Chachitatu chinali cha kumbuyo, pamwamba pa bedi. Kazenera kameneko chigulireni galimoto sikanatsegukepo, chifukwa wina anakamata ndi tepi wakuda cham'kati.

Atangogwada pamenepo anamva fungo la gasi, losakanikirana ndi fodya wa m'kaliwo ndi zofunda zosachapa. Iwo sasuta. Kenako chopukusira cha m'kati, chotsegulira kazenerako, chinalira. Kwii. Kwii. Tepi anang'ambika. Kazenera kanadzuka pang'ono.

"Lorene, mwalowa m'kati?"

"Ndilowa bwanji ndili pano? Makiyi ali m'thumba mwangamu."

Apa n'kuti Mayi Ortega atafika ndi botolo la gasi. Iwo amati anaona galimoto yonse ikugwedera, ngati munthu wonenepa wakwera pabedi.

A Delbert anakanikiza kazenerako ndi chikhatho. Kanakankha mobweza, mwamphamvu. Mpweya wofunda unawawomba padzanja. Wina anali kupuma pansi pawo, movutikira, ngati wotsamwidwa.

Anasuzumira. Munalibe munthu. Koma matiresi anali atalowa malo awiri, poponda mapazi. Kunsi kwa kazenerako kunali zizindikiro zokandidwa ndi zikhadabo. Zambirimbiri.

"Musatseke."

Mawu a mwamuna, onong'ona, pafupi penipeni ndi nkhope yawo.

A Delbert anafuna kudumpha, koma madontho a mvula anali atayamba kugunda denga, ndipo kwina kothawira analibe. Nyumba yawo inali yomweyi.

"Sindikutseka, achimwene," anayankha chapansipansi. "Ndikungotchinga mvula."

Kupuma kuja kunayamba kudekha.

A Delbert anamanga tizitsulo titatu. Pa kachinayi bawuti inangozungulira osagwira, chifukwa nati yake inali cham'kati, pomwe zala zawo sizinkafika. Anayesa kawiri, katatu. Kenako inagwira. Wina anali ataigwirizira natiyo. Chala chozizira chinakhudza chawo.

Anavundikira msangamsanga, n'kutsika osayang'ana m'mbuyo. Atafika pansi anangoti khwithi pamchenga.

"Mumalankhula ndi ndani kumwambako?" anafunsa a Lorene.

"Tsegulani chitseko. Koma tilowe tonse."

Analowa atatu, pamodzi ndi Mayi Ortega. Anayang'ana m'bafa, m'makabati, kunsi kwa bedi. Munalibe aliyense. Tepi anali lende padenga, chopukusira chili chonyowa ngati chagwidwa ndi dzanja la thukuta. Mayi Ortega anasiya botolo lawo pakhomo, ndipo mpaka lero safikanso pagalimotoyo. A Delbert amakatenga okha gasi.

"Tiigulitse," anatero a Delbert madzulo ake.

"Tikakhale kuti? Pansi pa mtengo?" A Lorene anayang'ana kuchipinda chakumbuyo. "Wapempha chinthu chimodzi chokha. Tisatseke basi."

Anasamutsira zofunda zawo pampando wakutsogolo, bedi n'kulisiya. Kazenera kaja sakakhudza, kaya kuzizire motani. Papita zaka ziwiri tsopano. A Lorene amati akadzuka m'mamawa, amuna awo asanatembenuke, amagona phee n'kumamvetsera. Amamva kupuma kwawo. Amamva kwa a Delbert. Ndiye kuseri kwa katani wotchinga chipinda chakumbuyo, pang'onopang'ono, wina amapumanso.