Mzere Umene Mwandida Anadinda

Kachipangizoko kanali kangati nthudza kukula kwake, koma kankamva ngakhale munthu akameza malovu. Anthu ankakatchula kuti Msungamawu. Ukakaika patebulo, kankatola chilichonse chotuluka pakamwa n'kutumiza kukampani yolemba mawu, imene inkawasanja bwino ndi kuwapereka kukhoti. M'zaka zimenezo lamulo linkati zokambirana za ankhoswe zikapanda kulembedwa ndi kampani yovomerezeka, ndiye kuti sizinachitike.

Mwandida anali yekha pabalaza kwawo ku Dedza, koma m'nyumbamo munadzaza anthu. Makina a msonkhano anali ataimika zithunzi zamoyo: amalume ake, a Chidothi, ali ku Beira, ankhoswe a kuchimuna ali ku Karonga, ndi mwamuna wake Gelesomu, amene ankakonza masetilaiti mumlengalenga ndipo anali atasiya kuimba foni kunyumba. Nkhani inali imodzi: banja lithe kapena likhale.

Pamlandu wa banja anthu amayamba akhuthula zakukhosi, kenako n'kugwirana chanza. Mwandida anakhuthula zake, zina zowawa ndithu. Gelesomu naye anapsa mtima.

"Inetu mkaziyu ndinamukwatira chifukwa chomumvera chisoni," anatero.

Atangotero anagwira pakamwa. Kumwambako kulibe pogwada, munthu amangoyandama, koma Gelesomu anapinda mawondo m'malere momwemo, misozi ikuyandama ngati mikanda. Mwandida anaseka akulira, mtima wake n'kutsika.

"Basi, zathera pano," anatero a Chidothi. "Zonse zanenedwazi tazikwirira. Wina asadzazifukule."

M'mawa mwake kampani inatumiza zolembazo pafoni. Ntchito yake inali yosadandaulitsa, panalibe liwu losowa. Koma lamulo linkafuna kuti aliyense awerenge mzere uliwonse n'kudinda chala, kutsimikiza kuti mawuwo ananenedwadi. Mwandida anawerenga mpaka anafika pamzere uja. Zogwada zija munalibe, misozi munalibe, paja Msungamawu alibe maso. Panali dzina la mwamuna wake ndi mawu ake, ali mbee.

Anaimbira kukampani. "Tandifufutireni mzere uwu. Tinaukwirira dzulo."

"Pepani mayi," anayankha mlembi wa kumeneko mwaulemu. "Kodi bambowo sananene zimenezi?"

"Ananena, koma..."

"Ndiye sitingachotse. Mukapanda kudinda, khoti liona ngati simunayanjane."

Anadinda, pofuna kupulumutsa banja lake. Chinamupweteka n'chakuti chala chake chomwe ndicho chinachitira umboni mawuwo.

Kuyambira pamenepo sankatha kudziletsa. Akangodzuka, asanasukusule n'komwe, ankatsegula foni n'kuwerenga mzerewo. Nkhope ya Gelesomu akulira inayamba kuzilala m'maganizo mwake, monga zimazilalira zinthu zonse zoona ndi maso. Koma mzerewo sunkakalamba.

"Leka kuwerenga, mwana iwe," anamudandaulira a Chidothi. "Ine akazi anga anandinenapo zoopsa kuposa apa, koma lero sindikumbukako n'chimodzi chomwe."

"Inu munalibe pokawerenga, amalume."



Gelesomu atatsika kumwamba anabwera wosinthika. Ankatunga madzi, ankasesa, ankamufunsa mkazi wake ngati wadya. Mwandida ankaona zonsezo, koma chilichonse chabwino chimene mwamunayo ankachita, mtima unkamuuza kuti chisoni chija ndi chimenechi. Ndipo zinkamuwawa, chifukwa ankamukondabe.

Tsiku lina masana Gelesomu anamupeza akumanga zovala m'chitenje.

"Mayi a m'nyumba, kodi simunandikhululukire?"

"Ndinakukhululukirani tsiku lomwelo," anatero Mwandida osamuyang'ana. "Koma m'mawa uliwonse mumanenanso."

Anasenza katundu wake n'kutuluka, Gelesomu ataima pakhomo manja ali lende. Kukhoti zolemba zinkasonyezabe kuti awiriwo anayanjana, ndipo munalibe bodza ngakhale limodzi. Anthu a nthawi imeneyo anapanga makina osaiwala, osadziwa kuti mabanja ambiri ankalimba chifukwa cha kuiwala.