Zigubu za a Bizwell

Mipopi ya ku Duduza, dera la kufupi ndi migodi ya golide, itauma, Modester sanade nkhawa. Achimwene ake, a Bizwell, ankagwira ntchito koyeretsa madzi m'tauni yoyandikana nayo ya Nigel, ndipo madzulo aliwonse ankamutulira zigubu ziwiri pawilibala.

"Ndi othira kale mankhwala awa, achemwali. Mwana azingomwa."

Madziwo ankafika oyera bwinobwino, iye n'kuwatsanulira m'ndowa. Koma kukacha, mayo ine, ndowa yonse ili psuu ngati mwatsukidwa nyama! Usiku wachiwiri Modester anakhoma chitseko n'kugona pambali pa ndowayo, khutu lili tcheru. Kunja kunali zii, malata okha ndiwo ankathetheka ndi chisanu. Sipanalowe munthu, koma m'mawa madzi anali atafiiranso. Tsiku lachitatu mwana wake Miracle anayamba kutsekula m'mimba, milomo itang'ambikang'ambika.

Anthu ankanong'ona kuti ndi mizimu ya omwe anakwiririka m'migodi yakale. A Bizwell nawo anatsitsa mawu: "Wina wakulodzani. Musauze munthu."

Koma a Sydney, nkhalamba yomwe inakumba golide zaka makumi awiri, anaviika chala m'ndowamo, kulawa, n'kulavula.

"Mwanawe, si ufiti uwu. Madzi a mumgodi amatuluka oyera, koma ndi owawasa ndipo muli chitsulo chosungunuka. Akagona pamphepo amachita dzimbiri. Akukutungira ndani?"

Chisisira chitagwa Modester anatsata kulira kwa wilibala ya achimwene ake chapatali, kwii, kwii, kudutsa milu ya dothi la mgodi, mpaka padzenje pomwe udzu wonse unali wopserera. Apo anapeza achimwene ake atagwada, akudzaza zigubu zake ziwiri zija. Pawilibala panali zina zinayi zotseka bwino, zochokera kuntchito.

"Achimwene, nanga izo n'za yani?"

A Bizwell anadzidzimuka, chigubu n'kuwapulumuka.

"Za makasitomala. Anthu aja akangoona zofiira sabweranso."

Modester anamva kuwawa kosaneneka. Bola ikanakhala mfiti, akanadziwa kokapemphera. Koma awa anali a bere limodzi, omwe dzulo lomweli anamunyamula Miracle n'kumamwetsa okha ndi kapu.

Modester anawerama, natunga madzi a m'dzenjemo ndi chivundikiro cha chigubu, nawapatsira ndi manja awiri mwaulemu wonse.

"Ndi othira kale mankhwala, achimwene. Imwani."

A Bizwell anatseka pakamwa kuti ndii, n'kuyang'ana kumbali.