Dikirani, Ndisunge Kaye

Nkhani iyi ikukhudza Abusa Maynard Chinkhota, Mayi Salome Ngozo amene ndi mlembi wa mpingo, ndi Bambo Duncan Mlauzi, katswiri wa makompyuta wochokera ku Manjawira. Ikukhudzanso malemu Bambo Cyprian Maseko, amene anali mlembi kwa zaka makumi atatu pa mishoni ina kumtunda kwa Champiti.

Bambo Mlauzi ndiwo anaika seva mu ofesi ya mishoniyo, ndiye kuti kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a makompyuta onse. Inagwira bwino chaka chathunthu. Koma mwezi wa Juni inayamba ulesi wachilendo. Kutsegula fayilo, inkatsegula msangamsanga. Kusunga zimene munthu walemba, inkazengereza mpaka tiyi kuzizira.

"Ndikadina kuti isunge, ndimapita kukathirira kabichi n'kubwera," anadandaula Mayi Ngozo. "Kodi munatigulira seva kapena nkhono?"

Abusa sanaseke.

"Bambo Mlauzi, Lachisanu lino ndi lomaliza. Ikafika mawa m'mawa ili chomwechi, ntchito ino tipatsa wina."

Bambo Mlauzi analibe ntchito ina yodalirika. Anthu ataweruka, iwo anatsalira.

Anayamba mwadongosolo. Anasintha waya wa seva, osathandiza. Anayang'ana ngati malo osungira mafayilo adzaza, koma theka linali lopanda kanthu. Anazimitsa makompyuta anayi onse a mu ofesimo, imodziimodzi. Kunja kunada, chisanu cha Ntcheu chinalowa ndi pansi pa chitseko. Kanyali kobiriwira ka pa seva kanali kuphethirabe, osapuma. Wina anali kulemba.

Anatsegula mndandanda wa amene alumikizidwa ku seva. Munali dzina limodzi lokha: cmaseko.

Anapukuta magalasi awo n'kuwerenganso. Bambo Maseko anaikidwa m'manda masabata atatu apitawo.

Fayilo imene inkalembedwayo inali kaundula wa ubatizo, imene malemuwo ankakopera kuchokera m'mabuku akale odyedwa ndi chiswe. Inali yolemera kwambiri, yodzaza zithunzi za masamba. Bambo Mlauzi anaitsegula. Pansi pake panatuluka dzina latsopano, chilembo chimodzichimodzi, monga amalembera munthu wa zala ziwiri. Dzina litatha, fayilo yonse inasungidwa. Kenaka dzina lina. Inasungidwanso.

Khalidwe limenelo ankalidziwa. Magetsi anawathimirapo Bambo Maseko tsiku lina n'kutaya maina mazana awiri, ndipo chiyambire pamenepo ankasunga fayilo yonse akangomaliza dzina lililonse. Bambo Mlauzi anawaletsa kangapo, osamva. Tsopano seva inkatanganidwa ndi fayilo imeneyo usana ndi usiku, ena onse n'kumadikira pamzere.

Anatuluka kukafuna mlonda, Bambo Aleck, amene ankawotha mbaula pakhonde.

"Achimwene, kiyi wa chipinda cha malemu ali kuti?"

"Ali kwa Abusa. Simulowa munthu mmenemo mpaka ana awo abwere kuchokera ku Joni adzatole katundu."

"Kompyuta yawo munazimitsa?"

"Azimitse ndani? Cha malemu sitikhudza. Tinangofunditsa nsalu."

"Tiyeni mundiunikire."

"Iyayi bwana. Ine amandilipira kulondera amoyo."

Bambo Mlauzi anapita okha. Chipindacho chinali kumapeto kwa khonde. Asanafike anamva. Tapu. Tapu. Tapu. Kenaka chete. Tapu, tapu.

Anaima nthawi yaitali. Anaganiza za khoswe woyenda pa mabatani. Koma khoswe sadziwa kulemba dzina ngati Nachisale. Anaganizanso za mawu a Abusa. Chofunika chinali chimodzi chokha: kuzula waya wolumikiza kompyutayo ku seva. Anatola chitsulo n'kuthyola loko.

Mkatimo munali fungo la mabuku akale ndi mafuta opaka a m'kachitini. Kulirako kunaleka. Pa tebulo panali nsalu yakuda, ndipo kunsi kwake kunkawala. Buku lakale linali lotsegula pambali. Mpando unali wokokedwa pang'ono, monga umakhalira pakakhala munthu.

Sanayang'ane mpandowo kawiri. Anagwada, nakwawira kunsi kwa tebulo, napapasa khoma. Waya anaupeza. Anaugwira ndi zala ziwiri.

Mpando unalira kwii.

"Dikirani a Mlauzi," anatero mawu pamwamba pawo, otsika, aulemu. "Ndisunge kaye."

Pafupi ndi tsaya lawo panali kuzizira ngati mwala wa kumtsinje. Anafuna kunena Pemphero la Ambuye, koma lilime linakana. Tapu. Tapu. Tsamba la buku linatembenuka.

Anadikira. Dzina likatha, ankati tsopano ndizule. Asanakoke, lina linali litayamba kale. Tambala analira koyamba, analira kachiwiri.

Mayi Ngozo ndiwo anawapeza kutacha, ali chigwadire kunsi kwa tebulo la malemu, waya uli m'manja, wosazula. Anakuwa mpaka anthu a kumpopi anathamangira. Pofika masana, ena ankanong'ona kuti katswiriyo amakatenga nzeru zake kwa akufa.

Akulu ampingo anakhala pansi Loweruka lomwelo. Bambo Mlauzi anafotokoza zonse, osawonjezera kanthu. Mayi Ngozo anachitira umboni kuti kaundula anawonjezeka ndi maina makumi asanu ndi atatu, onse olondola.

"Vuto munalipeza?" anafunsa Abusa.

"Ndinalipeza."

"Waya unali m'manja mwanu?"

"Unali m'manja mwanga."

"Nanga bwanji simunazule?"

"Anandipempha mwaulemu, Abusa. Ndipo ndi akulu kwa ine."

"Pitani mukazule tsopano, dzuwa likuwala. Ntchito yanu ikhala."

Bambo Mlauzi anayang'ana pansi.

"Sanamalize buku lija."

Chigamulo chinali chotere. Mpingo sukhulupirira mizukwa, choncho zimenezo sizilembedwa. Bambo Mlauzi adzudzulidwe chifukwa chothyola loko, ndipo ntchito yawatha monga anachenjezedwera, pakuti seva ikuchedwabe. Za waya, Abusa anafunsa amene angadzipereke kukauzula. Akulu onse asanu ndi awiri anangoyang'ana zipewa zawo. Ndiye anagamula kuti aike loko watsopano, waya udikire ana a malemu.

Bambo Mlauzi anavomera osadandaula. Akulu onse anavomera. Mayi Ngozo anavomeranso, anangopempha kuti aziweruka dzuwa lisanalowe.