Madola Awiri a Maame Dufie

Mlendo amene anabwera kudzagula zilazi anati dzina lake ndi Tweneboa, ndipo anangopempha tsabola wowonjezera pa zilazi zake. Konadu anamuthirira osamuyang'ana. Maso ake anali pa foni, pamene panali chithunzi cha Nhyira, mnzake wa kusukulu, atatsamira galimoto yatsopano.

Onse awiri ankagwira ntchito yofanana. Kampani ina ya ku Canada yogulitsa mafuta omeretsa tsitsi inawapatsa aliyense linki yake, ndipo munthu akagula kudzera pa linkiyo, mwini wake ankalandira gawo m'madola. Nhyira anali wapakamwa, ankavina pa kanema botolo lili m'manja. Konadu, pa miyezi isanu ndi itatu, anali atagulitsa mabotolo atatu okha. Ankakazingabe zilazi ndi mayi ake, Maame Dufie, pa siteshoni ya minibasi ku Kumasi, m'dziko la Ghana, zala zitaderadera ndi mafuta otentha.

"Ukamayang'ana mbale ya mnzako, yako imapserera," anatero mlendoyo, akunyambita chala. "Ndimakhala kuseri kwa macheka a matabwa ku Sokoban. Ubwere ndi foniyo."

Lachitatu masana Konadu anauza mayi ake kuti akukagula makala, n'kupita. M'chipinda cha Tweneboa munali mpando umodzi ndi mphika wovundikira. Mkuluyo, wa dazi lofika kunkhongo, anazula tsitsi limodzi pamutu pa mtsikanayo, n'kulikulunga m'kansalu kakuda, n'kulilowetsa kuseri kwa chikuto cha foni.

"Magazi sindipereka, bambo," anatero Konadu.

"Magazi ndikachite nawo chiyani? Ndine udzudzu ine?" Anaseka pang'ono. "Chizimba chake n'chopepuka. Aliyense wogula kudzera mwa iwe adzakuiwala. Nkhope yako, dzina lako, zonse."

"Basi?"

"Basi. Kodi mzimayi wa kutali ku Tamale amene sanakuonepo akakuiwala, wataya chiyani?"

Konadu anaganizaganiza, osapeza chimene angataye. Analumbira mumtima kuti abale ake sadzawatumizira linkiyo, ndipo anavomera.

Mwezi usanathe, foni inayamba kulira ngati mwanapiye wanjala. Anthu a ku Accra, ku Lagos, ngakhale ku London ankagula. Madola ankalowa kubanki n'kusanduka masedi ambirimbiri, ndalama za ku Ghana. Konadu anachita lendi nyumba ya mpanda, anagula firiji, nasiya kukazinga. Anapempha mayi ake kuti apume, koma iwo anakana.

"Ndikakhala pansi mawondowa adzauma. Nanga madalaivala anga adya kwa ndani?"

Woyamba kumuiwala anali telala amene ankamusokera mayunifomu kuyambira ali mwana. Konadu anamupatsa moni pamsewu, mayiyo n'kuyankha mwaulemu ngati akuyankha mlendo. Kenako Nhyira, amene anagula botolo limodzi pofuna kuona chinsinsi cha mnzakeyo, anamuimitsa pakhomo.

"Pepani achemwali, mukufuna ndani?"

Konadu anaseka, akuyesa nthabwala. Nhyira anatseka chitseko.

Apa mpamene anazindikira kuti linki ilibe mwini. Amene waitumiziridwa amaitumiza kwa mlamu wake, mlamuyo kwa anzake a kwaya. Inali ikuyenda yokha, ndipo inkabwerera kwawo. Pa ukwati wina anakhala tsiku lonse pakati pa anthu amene anakula nawo, ndipo amene anamuitana ndi dzina anali anayi okha. Anafufuta linkiyo paliponse pamene anaiika, koma foni inkangolirabe.

Loweruka lina m'mawa inalira kamodzi. Botolo laling'ono, gawo lake madola awiri. Konadu sanalabadire. Anali atagulira mayi ake nsalu yokongola yopitira kutchalitchi, ndipo ananyamuka kukawapatsa.

Maame Dufie anali akutembenuza zilazi m'chiwaya. Anadzutsa mutu n'kumwetulira monga ankamwetulirira aliyense.

"Za ndalama zingati, mwana wa eni?"

"Amayi, ndine."

"Eya, takulandirani. Ndi tsabola kapena ayi?"

Anti Pokuaa, amene ankagulitsa buledi pambali pawo, anamukokera Konadu kuseri kwa tebulo lake.

"Iwe, mayi akowa atani? Dzulo anandipatsa masedi awo osunga kuti ndiwagulire mafuta aja pa foni yanga, m'dzina lawo. Linkiyo inafika pa gulu la amayi a kutchalitchi. Ndinawafunsa kuti tsitsi mukufuna likuthandizeni chiyani pa ukalamba uno, mukufuna bambo wina? Akuti ayi, anthu onse akumugula mwana wanga, ine mayi wake ndikhale osamugulako? Anati ndisakuuze, ukanakana. Ndagula m'mawa uno. Tsopano ndikatchula Konadu akundifunsa kuti ndi wa kuti."

Konadu anagwada pafumbi n'kugwira miyendo ya mayi ake. Anawakumbutsa chipsera cha pa bondo lake, nyimbo imene ankamuimbira akadwala, tsiku limene anaika maliro a bambo ake. Maame Dufie anamvetsera zonse, misozi ili m'maso chifukwa cha chisoni, n'kumusisita pamutu.

"Mulungu sanandipatse mwana ine. Koma mayi ako, kulikonse ali, ndi wodala. Pita kwanu, akukufuna."

Konadu anathamangira ku Sokoban. Tweneboa anali pakhomo akusenda lalanje, dazi lake likunyezimira, botolo la mafuta aja lili pawindo.

"Bambo, tengani zonse. Nyumba, ndalama, zonse. Mundibwezere amayi anga."

Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndinu yani, mayi?"

Foniyo Konadu anaiponya m'ngalande tsiku lomwelo. Kunyumba ya mpanda sanabwererenso, ndipo kubanki sanapondekonso. Masiku ano amagona m'khonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni. Amayenda pakati pa minibasi akuuza aliyense dzina lake, ndi la mayi ake, ndi la mudzi wawo, ndipo anthu amamupatuka.

Dyera limatiuza kuti chimene tikugulitsa n'chaching'ono, chifukwa sitinachigule ndi ndalama. Chuma cha zithumwa chimayamba kudya anthu akutali, koma chimamalizira pa amene amakukonda, pakuti iwowo ndi amene amabwera okha kudzakuthandiza. Konadu anali wolemera kale pamene panali munthu womuitana kuti mwana wanga.

Madzulo ena Maame Dufie amamuona atakhala pa mwala, n'kumukulungira zilazi m'pepala.

"Idyani, mudzalipira mukadzapeza."

M'mawa mwake Konadu amasesa pa siteshoni kuti apeze masedi asanu. Amadikira mpaka mayiwo atatembenukira kuchiwaya, amaika ndalamazo pansi pa botolo la tsabola, n'kubwerera pa mwala wake.