Chipewa cha Woyenda pa Njanji

Preben Kjeldsen anatuluka m'nyumba ya mng'ono wake Mogens basi yomaliza itapita kale. Sanatsanzike. Chitseko anachisiya pululu, kuti mphepo ya kunyanja ilowe ikamalize mkangano umene iye anaulephera.

Mkanganowo unali wa Aksel, mwana mmodzi yekhayo wa Mogens. Aksel anali atalembedwa ntchito ku paki ya zisangalalo ya kugombe, ndipo m'mawa mwake, tsiku lotsegulira, ndiye anali woyenda pa njanji ya Chinjoka, sitima yakale ija yothamanga pa mapiri a matabwa. Ntchito yake kukwera ndi hamala, kugogoda bawuti iliyonse anthu asanayambe kukwera. Preben anangofunsa funso limodzi.

"Nanga chipewa ukachikoleka pati?"

Patebulo anayang'anana. Kenako phwete.

"Achimwene, za zipewa zinapita ndi agogo athu," anatero Mogens akuthira kachasu wa mbatata m'timatambula. "Pano kuli kompyuta. Kuli wailesi ya m'manja."

"Kompyutayo imadziwa kuti kumwambako kuli mwana wako?"

"Iwe unathawa kuno tsitsi lili bii. Wabwera ndi dazi kudzatiphunzitsa za paki yathu? Idya nsombazo, mlendo iwe."

Mlendo! Liwulo linamutsatira mumsewu wa pamwamba pa khoma lotchinga nyanja. Zaka zoposa makumi atatu m'madoko a ku Canada anasunga tauniyi m'mutu ngati dzira, ndipo atabwera anapeza anthu ena analikazinga kale. Nyumba ya kanema anaisandutsa konyamulira zitsulo zolimbitsa thupi. Mophikira buledi mwa bambo ake munkagulitsidwa makandulo onunkhira kwa alendo a ku Jeremani. Ngakhale mphepo inkaoneka ngati ya ganyu.

Koma za chipewa sizinali zokumbukira chabe. Kale lamulo linali limodzi, ndipo silinalembedwe paliponse. Woyenda pa njanji ankavula chipewa n'kuchikoleka pa mpini woyambitsira sitima. Chipewa chili pamenepo, ngakhale mfumu ibwere ndi ana ake, sitima siinkasuntha. Wochichotsa anali mwini wake yekha, atatsika. Tsopano mpiniwo anauzula, n'kuikapo batani lobiriwira longa la makina ochapira zovala. Moyo wa Aksel, pa batani la makina ochapira!

Msewu unatsika khoma n'kukhotera kuseri kwa paki. Pamenepo magetsi a mumsewu amathera. Njira imadutsa kunsi kwa mizati ya Chinjoka, nkhalango ya matabwa yonunkha phula ndi mchere. Preben anakweza kolala ya jekete, akuyankhabe Mogens mumtima mawu amene anabwera mochedwa.

Go... go... go...

Anaima.

Go... go...

Patsogolo, pakati pa mizati, panali munthu wamtali wovala ovololo, wopanda chipewa. Ankagogoda mzati ndi hamala, n'kutchera khutu, n'kupita pa wina. Kuwerama kumeneko Preben ankakudziwa. Ejnar Thygesen, woyenda pa njanji wa masiku awo! Mtima unamumasuka koyamba chibwerere. Munthu mmodzi yekha m'tauni yonse amene sanasinthe. Ngakhale imvi yatsopano analibe.

"A Ejnar! Mukadali pompano, madala? Ndine Preben, wa a Kjeldsen ophika buledi. Uja munkamuthamangitsa pa mpanda."

Munthuyo sanatembenuke.

"Ndani wachotsa chipewa changa?"

Mawuwo anamveka ngati akuchokera kumwamba, osati pakamwa pake.

"Eya! Ndi zimene ndakhala ndikuwauza ine usiku wonse. Akuti kompyuta. Mawa akukweza mwana wa Mogens popanda..."

"Sindinatsike."

"Mwati chiyani?"

"Ndikadali kumwamba. Ndani wachotsa?"

Mphepo inkakwapula jekete la Preben. Tsitsi la Ejnar silinkagwedezeka. Ngakhale limodzi.

Ndiye tcheni chokokera sitima chinadzuka.

Khwe... khwe... khwe...

Preben anayang'ana kumwamba. Paki yonse mdima bii. Palibe nyale. Palibe nyimbo. Koma mizati inkanjenjemera. Anagwira umodzi. Unkagunda ngati mtima.

Sitima inkakwera phiri loyamba. Ankaimva. Sankaiona.

Khwe... khwe...

Zii.

Ejnar anatembenuka pang'onopang'ono. Anakweza hamala m'mwamba, ngati munthu woimitsa basi imene yamudutsa kale. Mbali imodzi ya nkhope yake... mbali imodzi inali mdima wokhawokha.

"Uwauze adikire."

Gudududu! Chinthu chinagwa kuchokera kumwamba! Matabwa analira. Mphepo yotentha ya girisi inamumenya kumaso. Preben anagwa chogwada, manja kumutu.

Atatsegula maso, panalibe munthu. Panalibe sitima. Nyanja yokha inkapuma kuseri kwa khoma.

Anathamanga mpaka kunyumba ya alendo kumene ankagona, maondo akuwotcha. Tulo sanatione. Pofika m'bandakucha mantha anali atawapezera dzina lina, monga amachitira anthu owerenga kwambiri. Ndi zitsiru za paki zija, anadziuza. Zikuyesa sitima mumdima, nkhalamba ili pansi. Nkhopeyo unali mthunzi wa mzati. Mkwiyo anauzolowera, unali wosavuta kunyamula.

Dzuwa likutuluka anali pa chipata cha paki. Mbendera zinali zitakwezedwa, oimba malipenga akutsitsa katundu. Mogens, amene anaperekeza mwana wake pa galimoto, anaima ndi kapu ya khofi, chipewa chake cha usodzi kumutu. Kutali, pamsonga pa phiri lachiwiri, kachinthu kachikasu kankasuntha pa njanji. Aksel.

M'kanyumba koyendetsera sitima, pafupi ndi chipatacho, munali mtsikana wolembedwa sabata yomweyo, maso pa galasi la kompyuta. Kumbuyo kwake bwana wa paki ankangoyang'ana wotchi. Ankafuna sitima izungulire kamodzi yopanda anthu a meya asanafike.

"Wabwera kudzapepesa kapena kudzalalikira?" anafunsa Mogens.

"Ngati ine ndine mlendo, kafunse a Ejnar. Ndakumana nawo usiku kunsi kwa mizati. Anthu ako a kompyutawa anayendetsa sitima mdala ali pomwepo, akufunafuna chipewa chake!"

Kapu inaima pakati pa njira yopita kukamwa.

"Ejnar uti?"

"Thygesen. Alipo wina?"

Nkhope ya Mogens inachita kuyera ngati mchenga.

M'kanyumba muja wailesi inakhosomola. Mawu a Aksel anabwera oduladula, mphepo itawatafuna. "...ndi... tsika..."

"Wati watsika?" anafunsa mtsikana.

"Zikumveka choncho," anatero bwana. "Tiyeni, nthawi yatha."

Kompyuta inkaonetsa zobiriwira zokhazokha. Dzanja la mtsikana linanyamuka kulunjika pa batani.

Preben anali asanaonepo mng'ono wake akuthamanga chichokere kusukulu. Kapu inasweka pansi. Mogens anakankha chitseko ndi phewa, navula chipewa, navindikira batani lija. Phaa!

"Bambo, simuloledwa kulowa muno!" anakuwa mtsikana.

"Ichi achotse ndi mwana wanga," anatero Mogens akupuma mwabefu. "Atatsika. Ndi dzanja lake."

Bwana analankhula za malamulo, za meya, za apolisi. Mogens anangoima, dzanja pa chipewa. Onse anasuzumira pazenera. Kachinthu kachikasu kanali kakadali kumwamba, kakugogoda bawuti, kosadziwa kanthu.

Oimba malipenga anali atayamba kale pamene abale awiriwo anakhala pa benchi, akudikirabe.

"Ndiye ukawathokoze a Ejnar," anatero Preben. "Osati ine. Ine ndine mlendo."

Mogens anayang'ana mizati.

"Usiku paki ino imakhala yopanda magetsi, Preben. Sitima siinayende. Ndipo Ejnar anafa chaka chimene Aksel anabadwa. Tsiku lotsegulira ngati lero. Bwana wina watsopano anaona chipewa cha girisi pa mpini, alendo akubwera, n'kuchiponya m'kabati kuti malo aoneke bwino. Sitima inamupeza pa phiri lachiwiri lomwelo."

Preben anatembenukira kunsi kwa mizati, pamene anagwada usiku.

"Pa maliro ake tauni yonse inalipo," anatero Mogens. "Kupatula iwe."